Mbululu za Tisunge

Mvula ikayamba, mwana aliyense wa Sitandade 3 ankapatsidwa mbululu zisanu m'botolo kuti akazilere m'madzi a pachitsime cha kwawo. Zikafa, boma linkatseka chitsimecho ndi simenti, banjalo n'kulisamutsa.

Mai Chikhasu ankadziwa kuti chitsime chawo chayamba kununkha dzimbiri. Choncho mwana wawo Tisunge akangopita kusukulu, ankakhuthula madzi a m'botolomo n'kuthiramo a mvula a mumtsuko, omwe banjalo linkamwa. Mbululu zinanenepa mpaka kumera miyendo.

Lachiwiri lina Tisunge anafika akuthamanga.

"Amayi, aphunzitsi andiyamikira! Za anzanga ambiri zafa, koma zanga zonse zilipo."

"Wachita bwino, mwananga."

"Ndiye akuti madzi athu ndi abwino. Kuyambira mawa kalasi yonse izidzamwa kuno."

Mai Chikhasu tsache linawapulumuka m'manja. Kuulula kunali kutaya nyumba yomwe anamanga ndi malemu amuna awo.

M'mawa mwake anamva nyimbo ikukwera chitunda: ana makumi anayi pamzere, aliyense kapu m'manja, aphunzitsi ali patsogolo. Mai Chikhasu anakakhala pachivundikiro cha chitsime n'kuitana:

"Aphunzitsi, tabwerani kaye nokha."