Suti ya a Benedict ya kwa Abdulhamid

Panali mkulu wina kwa Kadewere, dzina lake a Benedict. Akuti nkhaniyi ndi yoona.

A Benedict anagwira ntchito yosita zaka sate mu sitolo ya a Abdulhamid ku Limbe. Sitolo imeneyo ndi imene inaphunzitsa tauni yonse kutchena. Mkwati wopanda suti ya kwa Abdulhamid ankajambulitsa atabisala kumbuyo kwa mkazi wake. Tsiku lotseka sitolo, bwana anawapatsa a Benedict suti yakuda, atasoka dzina lawo mkati mwa thumba.

Sankaivala ayi. Ankangoiyanika pamthunzi kawiri pa chaka, nkuika masamba a fodya m'matumba kuopa njenjete. Ankamuuza mwana wawo Chipiliro kuti, "Iwe, imeneyi ndidzavala tsiku limodzi basi, popita kumanda. Usadzaikhudze."

Madalawo atayamba kudwala, Chipiliro anakumana ndi mlendo pa Njuli amene ankafunsafunsa zovala zakale za kwa Abdulhamid. Chipiliro anamuonetsa suti ya bambo ake ija.

"Achimwene, chinthu chonunkha fodya mukusungiranji? Ndikupatsani masuti awiri atsopano, onyezimira. Imodzi yanu, imodzi ya madala."

"Nanga bambo akadziwa?"

"Ali gone pamphasa, adziwa bwanji?"

Chipiliro anasinthitsa.

Patapita masabata atatu a Benedict anamwalira. Osambitsa maliro anaitanitsa suti. Powaveka yonyezimira ija, inang'ambika kumsana, kuyambira pakolala mpaka pansi. A Mikaele, amene ankasita nawo limodzi ku Limbe, anaigwira ndi zala ziwiri.

"Mwana iwe, ichi nchiyani? Nsalu ya ambulera? Mnzanga wasita masuti a anthu moyo wake wonse, lero apite atavala ichi?"

A Mikaele anavula jekete lawo lakutha m'zigongono nkumuveka mnzawo, iwo nkupita kumanda ndi malaya okha.

Chaka chino Chipiliro ali mu Blantyre anapeza chionetsero cha zovala zakale za m'tauni. M'galasi munali suti ija. Pansi pake analemba kuti, "Ya kwa Abdulhamid. Mwini wake sadziwika."

"Ndi ya bambo anga iyi! Pisani m'thumbamo, muli dzina!"

Mlonda anati, "Osagwira, bambo. Sunthani anzanu aone nawo."

Anthu ankajambula ndi mafoni. Chipiliro anagunditsa mphuno pagalasi, mwina nkumvako kafungo ka fodya kaja. Sanamve kanthu.

Phunziro: Tandiuzani, nchiyani chimene ukamachitaya chimaoneka chakutha, koma ukachipeza kwa eni ake atsopano sakulola nkuchikhudza komwe? Ndi chimene kholo lako linati usunge. Mlendo akachinyoza kwinaku akuchifuna, dziwa kuti waona zimene iwe sukuona. Tumizirani abale anu, makamaka amene ayamba kale kusuzumira m'sutikesi ya madala.