Linki ya Maliro Imene Shamsa Anatsegula

Panali munthu wina kuno ku Nkhotakota, mayi wachisilamu dzina lake Shamsa, amene anathawa pabanja. Mwamuna wake, Fakiri, ankamumenya koopsa, ndipo analumbira pamaso pa ankhoswe kuti Shamsa akadzangochoka, mwana wawo Maimuna adzamulanda. Shamsa ananyamula mwanayo n'kukabisala ku Liwaladzi, kwa Enelesi, mnzake wa kusukulu amene tsopano ndi mphunzitsi. Ngakhale abale ake sanawauze. Amene anandifotokozera nkhaniyi ndi aneba ake enieni.

Nambala ya foni anasintha, koma imelo anasiya yomweyo poti ndi imene ankafunsira ntchito. Fakiri ankaidziwa.

Enelesi anatenga foni ija n'kutseka zinthu ziwiri: lokeshoni yoonetsa komwe foni ili, ndi zithunzi za mu imelo kuti zisamatseguke zokha.

"Tamvera Shamsa," anatero Enelesi. "Mu imelo amabisamo kachithunzi kosaoneka ndi maso. Kakangotseguka, wotumizayo amadziwa kuti wawerenga, ndi nthawi yomwe. Linki ndiye usakhudze n'komwe. Tsamba likapempha kudziwa komwe uli, kana."

"Ndamva mnzanga."

Kumva anamvadi, koma sipanatenge nthawi. Fakiri anatumiza imelo ya zithunzi za Maimuna ali khanda, ndipo Shamsa anadina kuti zioneke. Anaziona, analira. Sanadziwe kuti wangomuuza Fakiri kuti imelo amawerenga, ndiponso kuti amawerenga m'mawa.

Tsiku lina m'mawa, Enelesi atapita ku ntchito, inabwera imelo ya dzina lachilendo: "Innalillahi. Mayi ake a Fakiri atisiya. Tiika lero lomwe ikatha swala ya masana, kumudzi kwawo kwa Mwadzama. Dinani apa muone njira."

Apongozi amenewo ndi amene ankaleretsa Shamsa akamamenyedwa, n'kumamuthowa mabala ndi madzi otentha. Ndipo mukudziwa kuti maliro achisilamu sagona. Ukati uyambe wafufuza, upeza anthu abwerako kale kumanda. Anaimbira Enelesi, foni yozimitsa, ali m'kalasi. Kuimbira achibale sakanatha, nambala yake ikanadziwika. Kumudziko anali asanafikeko.

Anadina linki ija.

Tsamba linamupempha kuti lidziwe pomwe ali, ati limuonetse msewu. Foni inamuuza kuti lokeshoni ndi yotseka. Abale inu, foni yomwe inayesetsa kumuletsa! Iye anayatsa yekha ndi chala chake, n'kulola. Mapu sanabwere, tsamba linangoti mbee.

"Netiweki ya kuno iyi," anadandaula.

Anasamba, anavala mpango ndi chitenje cha kumaliro, n'kusiya Maimuna akusewera ndi ana a aneba. Anapita kusukulu kukatsanzika, koma anadikira nthawi yaitali mpaka belu la bureki. Enelesi atawerenga imelo ija nkhope inasintha.

"Wadina?"

"Eya."

"Lakufunsa pomwe uli?"

"Eya, koma silinatseguke."

"Mayo ine! Shamsa, mwana ali kuti?"

Anathamanga onse awiri, patapata m'manja. Atatulukira pakhomo anaona galimoto ikukhota kulowera kumsewu waukulu. Akuyendetsa anali Fakiri; linki ija inali itamuonetsa pomwe panali nyumbayo. Kumbuyo kunali apongozi aja, amoyo, athanzi, Maimuna ali pamiyendo pawo akudya mandasi. Mayi okalambawo anamukwezera Shamsa dzanja akumwetulira. Fakiri anawauza kuti mpongozi wawo wavomera kuti mdzukulu akacheze. Sanadziwe n'komwe kuti m'mawa umenewo mwana wawoyo anali atalengeza kuti iwo amwalira.

Shamsa anakuwa, anathamangira galimoto mpaka kugwa m'fumbi. Sinaime.

"Munamulekeranji?" Shamsa anawafunsa aneba uku akulira.

"Mwana anathamanga yekha akukuwa kuti agogo, agogo! Ife tikanamugwira bwanji, mayi?"

Nkhaniyi ili m'manja mwa apolisi ndi ankhoswe, koma mpaka lero Maimuna sanabwerere. Kunena zoona, ine zimandiwawa kwambiri. Tsiku limenelo sikunafe munthu, koma Shamsa analira mpaka mawu kutha, atavala zomwe zija za kumaliro.

Phunziro: Tsekani zithunzi za mu imelo kuti zisamatseguke zokha, ndipo musalole tsamba lachilendo kudziwa komwe muli. Uthenga ukakufulumizitsani, ngakhale utakhala wa maliro, yambani mwafunsa munthu amene mumamukhulupirira musanadine. Tumizani nkhaniyi kwa anzanu, makamaka amene akubisala kwa wina wowazunza.