Botolo la Chivindikiro Chofiira

Diem anazindikira zimene wachita botolo lili kale chopendekera, dontho lomaliza likugwera mumphika.

Kunena zoona, mlandu wina unali wa Mayi Loan a nyumba yoyandikana. Iwo ndiwo anasankha nthawi imeneyo kuyamba kulalatira mkazi wa mwana wawo kuti amadzola milomo popita kukagula masamba. Kuno mumzinda wa Hue nyumba za m'timisewu tathu n'zogundana, munthu akayetsemula kwawo inu mumayankha kwanu. Ndiye Diem khutu linali pazenera, dzanja likugwira ntchito lokha. Linadumpha botolo la msuzi wa soya, n'kutola la chivindikiro chofiira, la nuoc mam, madzi a nsomba aja timathira m'chakudya chilichonse. Linathira katatu.

Tsiku lina lililonse sikukanakhala nkhani. Koma madokotala atapeza chotupa m'mimba mwa bambo ake, amayi ake anayatsa zofukiza zitatu paguwa la m'nyumba n'kulumbira kuti akhala masiku makumi atatu osalawa nyama kapena nsomba, kuti mwamuna wawo achire. Kunatsala tsiku limodzi lokha. Mawa m'mawa bambo amalowa ku opaleshoni.

Diem anasuzumira mumphika. Msuzi unali wowala bwino, mpaka karoti wapansi akuoneka. Anali ataulondera maola awiri, akuyengula thovu, atawotcha jinja pamoto mpaka kuda monga amachitira amayi. Bowa yense anali momwemo. Tofu yense, timabuledi toyera tija ta soya, momwemo. Ataye? Aphikenso ndi chiyani? Anathira madzi, anafinyira ndimu, anatsegula chitseko kuti mphepo ilowe. Koma kulikonse kumene ankatembenukira ankangomva nsomba, m'tsitsi, m'malaya, ngakhale m'zala.

Njinga yamoto inazima pakhomo.

Amayi analowa atapachika chipewa pamkono, maso ali psuu ndi tulo ta pampando wa kuchipatala. Masiku amenewa anali atawonda, siketi ankachita kuipinda m'chiuno.

"Wapsa msuziwo, namiseche iwe? Ndibwerere msanga, abambo ako akukana kumwa phala ndikachoka."

"Wapsa, amayi."

Diem anaviika bun, tizingwe toyera ta ufa wa mpunga, m'madzi otentha, n'kugawa m'mbale ziwiri. Anathira msuzi, n'kuwaza masamba onunkhira ndi tsabola pamwamba. Msuzi wina unatayikira patebulo.

Amayi sanayambe adya. Anatapa kaye pang'ono m'kambale, n'kukaika paguwa, n'kuwerama katatu milomo ikugwedera. Diem anayang'ana kumbali. Tsopano bodza lake lafika mpaka kumeneko.

Kenaka anakhala pansi, anatola timitengo todyera, anapsontha msuzi.

"Eee, lero ndiye waphika. Kodi wayamba kufuna banja?"

"Ayi, amayi."

"Nanga bwanji sukudya? Kapena wakhuta nkhani za kwa a Loan? Tandiuza, lero amulakwira chiyani mwana wa eni ake uja?"

Tsiku lina Diem akanaifotokoza yonse, mpaka kutsanzira mawu. Lero anangoti, "Milomo."

Amayi anaseka, koyamba sabata imeneyo, n'kukankha mbale kuti awonjezere. Diem anawonjezera. Ankawerenga supuni iliyonse ikulowa m'kamwa mwawo, akukumbukira ukwati wa msuweni wake kumene amayi anakhala tsiku lonse ndi mpunga wa mchere anthu akung'amba nkhumba yowotcha. Masiku makumi awiri ndi asanu ndi anayi, onsewo atayidwa chifukwa cha milomo ya mkazi wa mwini.

"Ndawauza abambo ako kuti asaope," anatero amayi akupukuta pakamwa. "Ine mbali yanga ndakwanitsa, sindinaphonye ngakhale tsiku limodzi. Mawa adzuka basi."

Ndiye akapanda kudzuka? Diem anadziona ali pamaliro atamanga kansalu koyera kumutu, anthu onse akuti ndi matenda, iye yekha akudziwa kuti ndi dzanja lake. Anaika timitengo pansi. Misozi inayamba mawu asanatuluke.

"Amayi, musapite kaye. Ndalakwa. Ndathiramo nuoc mam. Katatu. Ndimamvetsera za kwa a Loan ndiye dzanja linangotola. Ndinafuna kunena musanadye koma ndinaopa. Mwadya nsomba, amayi, mbale ziwiri, ndiponso paguwa paja..."

Amayi anasiya kumanga chipewa.

"La chivindikiro chofiira?"

Diem anagwedeza mutu kuvomera, akudikira khofi la patsaya. Ankalifuna ndithu khofilo.

Amayi anapita pashelefu, anatsitsa botololo, analiyang'anitsa powala ngati akuyeza pamene latsikira, n'kulibwezera pamalo pake.

"Nsomba ndinakhuthula tsiku lomwe ndinalumbira, muno muli madzi a chinanazi ndi mchere. Umayesa ndingasiye moyo wa abambo ako m'manja mwako? Aka n'kachisanu ukuthira, mwana iwe. Lero ndiye koyamba kuzindikira."