Wochepa Makirediti Azitsuka Mbale

"Onaninso bwino, mayi. Makirediti anga ndi 360, a akazi angawa ndi 180 basi," anatero Bwana Digiri, akugogoda pakauntala ya ofesi yolembetsa ophunzira.

Dzinali anamupatsa ndi alamu ake, chifukwa chibwerereni kuyunivesite yakunja nyimbo yake inali imodzi, ya makirediti. Kunyumba anachita kukhazikitsa lamulo loti wochepa makirediti ndiye azitsuka mbale. Mkazi wake, amene anaphunzira kudziko lina, anazitsuka zaka ziwiri osadandaula. Tsikuli onse anabwera kudzafunsira malo a digiri yachiwiri.

Mlembi anakonza magalasi ake, nayamba kudina kakyuleta.

"Bambo, dziko lililonse lili ndi muyeso wake. Kumene munaphunzira inu, kirediti imodzi ndi maola khumi a maphunziro. Kumene anaphunzira mayiwa, ndi maola 25."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti inu muli ndi maola 3,600, mayiwa 4,500. Iwowa alowa. Inu mukuperewera, mukayambe mwawonjezera kaye."

Bwana Digiri anasuzumira pakakyuletayo. "Kakyuleta yanuyo, mabatire ali bwinobwino?"

"Imayendera dzuwa, bambo."

Pobwerera, mkazi anangokhota pagolosale, nagula sopo ndi kawaya kokwechera mapoto. Atafika pakhomo, anamupatsira mwamuna wake ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

"Musade nkhawa, bambo a kunyumba. Maola 900 akuperewerawo muwapezera pasinki pompa."