Kabokosi ka Pansi pa Chiwongolero

"Kabokosi kangaka, galimoto kaya ndi yaulesi bwanji, ukangokhudza moto yanyamuka kale!" anatero makaniko, akudzitama kwa oyendetsa matakisi pagalaja pake.

Aphunzitsi opuma ntchito, ataima kuseri kwa mulu wa matayala, anangotsokomola. Kabokosi komweko kanali pansi pa chiwongolero chawo, koma galimoto yawo inkanyamuka ngati mlendo amene wamva fungo la ndiwo.

Magalimoto amakonowa, phazi sililamula injini. Limapempha kompyuta, kompyutayo n'kuyamba yaganiza kaye. Aphunzitsi, munthu woti ana ankaimirira akangomva nsapato zawo, zoyankhidwa mochedwa sankazifuna. Anadandaula mpaka akazi awo anatopa, n'kupita nayo okha galimotoyo kukaikitsa kabokosiko kwa makanikoyu. Mawa lake mayiwo anagonekedwa m'chipatala, ndipo sanabwereko.

Maliro atatha, aphunzitsi anaponda moto pageti pawo. Zii. Kenako galimoto inasuntha mwaulemu, ngati wina wawagwira bondo n'kumalisiya pang'onopang'ono. Malemu ankawagwira choncho. Tsiku lililonse zinali zomwezo, mpaka anasiya kuyang'ana mpando wapambali. Sanauze munthu. Wophunzira saopa mizimu, amangotsitsa magalasi onse n'kumayimba nyimbo yakutchalitchi.

Tsono zinalipo ziwiri: kaya akufa akuyenda nawo, kaya makaniko ndi wakuba. Aphunzitsi anasankha wakuba, poti wakuba umatha kumukalipira.

"Iwe, tambwali!" anatulukira akuloza chala. "Unadyera mayi wodwala. Zula chinyengo chakocho, anthuwa aone!"

Amatakisi anayandikira, poti mkangano waulere sausiya. Makaniko anagwada pachitseko, nasuzumira pansi pa chiwongolero, nazula kabokosiko. Kenako anatembenukira kwa aphunzitsi.

"Bambo, kakugwira ntchito bwinobwino. Kamatha kufulumizitsa, kamathanso kuchedwetsa."

"Ndiye unasokoneza!"

"Ayi. Amayi ndi amene anati ndikatchere pochedwa penipeni, ndipo ndisakuuzeni. Anati mwendo wanu wayamba kunjenjemera, pageti panu pamasewera zidzukulu, ndipo iwo sakhalitsa."

Aphunzitsi anayang'ana mpando wapambali nthawi yaitali, kenako anavula chipewa pamaso pa onse.

"Ndakulakwira, mwanawe. Bwezeramo mmene anasiyira."