Mbidzi za m'chopereka

Mapemphero atatha, a Jonasi Kamphinda anakhuthulira dengu la chopereka pa tebulo n'kupezamonso kaphukusi kaja. Aka kanali kachisanu ndi chinayi. Pepala la m'kope lopindidwa mwaulemu, m'kati muli ndalama yachitsulo yaikulu ngati chivundikiro cha botolo la mafuta odzola. Inali ndi chithunzi cha mbidzi, chaka cha 1978, ndi mawu oti makwacha asanu. Zina zam'mbuyomo zinali ndi mphalapala, koma kwa a Jonasi zonse zinali mbidzi basi.

A Jonasi anali msungichuma wa tchalitchi chaching'ono cha Akatolika kuseri kwa Nsaru, ndipo chaka chimenecho mutu wawo unali pa denga. Malata anali atadyeka ndi dzimbiri. Mvula ikagwa, akwaya ankasamutsa mabenchi katatu nyimbo imodzi isanathe. Malata atsopano ankafuna miliyoni imodzi ndi theka. Ndiye munthu wina, wobatizidwa bwinobwino, n'kumaponya makwacha asanu.

Yoyamba ija anaiyesako. Anapita nayo pa golosale ina pa Nsaru kuti awonjezere pogula machesi oyatsira makandulo. Mwini golosale anaitembenuza, kuigogoda pa kauntala, n'kuibweza.

"Iyi siyenda, bambo."

"Siyenda bwanji? Yalembedwa Malawi, onani apa."

"Ilembedwe Malawi, ine sindinaionepo. Ndipo ngakhale itamayenda, makwacha asanu mugule chiyani? Kamtengo kamodzi ka machesi?"

Mayi wa mandasi anaikana. Kondakitala wa minibasi anafunsa ngati inali mendulo ya woyera mtima woyang'anira ziweto. Kuyambira pamenepo a Jonasi ankangoziponya m'chitini cha mkaka chakale.

Womukayikira sanavute kupeza. A Enock Chatata, mwini chigayo, ankakhala pa benchi lakutsogolo n'kumaimba mokweza kuposa kwaya, koma dengu likamayandikira ankatsinzina n'kulowa m'pemphero lakuya. Anthu ankati ngakhale gaga wogwera pansi bamboyo amamuika pa sikelo. Ndani winanso akanakulunga makwacha asanu m'pepala kuti azioneka ngati envulopu ya munthu wolemera?

Lamulungu lotsatira, pa nthawi ya zolengeza, a Jonasi anaimirira atakweza ndalamayo m'mwamba.

"Abale, pali wina pano amene akuweta mbidzi m'dengu la Mulungu. Dzina sinditchula." Anawayang'ana a Enock osaphethira. "Koma mukamuyang'anitsitsa, m'nsidze mwake muli ufa."

Tchalitchi chonse chinaseka, ngakhale akatekisiti anabisa nkhope m'buku la nyimbo. A Enock anatuluka thukuta, kuyang'ana uku ndi uku ngati sakudziwa kanthu. Sabata yotsatira anaponya K5,000 yapepala, atayamba aiwongola kaye m'mwamba kuti a kumbuyo aione. Ndipo mbidzi zinasiya kubwera. Sabata yoyamba, yachiwiri, yachitatu, zii. A Jonasi ankayenda m'bwalo la tchalitchi manja ali kumbuyo, ngati wapolisi amene wathetsa umbava m'dera lonse.

Kumapeto kwa Okutobala kamvulumvulu anasasula malata awiri pamwamba penipeni pa guwa. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana cha ku Kabudula. Loweruka m'mawa a Jonasi anabwereka makwerero n'kukwera ndi hamala. Vuto linali lakuti mabowo akale anali atakula, mitu ya misomali inkangopyola. Ankayamba kuboola chitsekerero cha botolo kuti msomali ugwire lata, koma zitsekerero zimene anatola zinatha ntchito isanafike pakati.

Anakhala kaye padengapo, kupukuta thukuta, kenako anamwetulira. Anatsika, kukatenga chitini chija, n'kukweranso.

Zinagwira ntchito kuposa mmene ankayembekezera. Chitsulo chake chinali chofewa. Akaika ndalama pa phaso n'kumenya kanayi, msomali unkalowa pamimba penipeni pa mbidzi. Lata linkakhala phee, osagwedezeka. A Jonasi anayamba kuimba mluzu. Anaganizanso zoti mawa lake alengeze kuti mphatso za mwini chigayo zapeza ntchito yoziyenera.

Atangomaliza kukhoma yomaliza, anamva odi pansi. Anali mayi Tisiyenji, mayi wamasiye wofatsa amene ankakhala pa benchi lakumbuyo pafupi ndi khomo. Anali atagwirira makwerero kuti asaterereke.

"Mwasowatu, mayi," anatero a Jonasi ali pamwamba.

"Ndinali ku Area 25 kwa mwana wanga Bridget, bambo. Anabereka, ndiye ndakhalako mwezi wathunthu. Ndangofika dzulo. Ndimati ndikuoneni pa nkhani ya denga lomweli."

"Nenani, mayi. Monga mukuonera, enafe tikuyesetsa ndi zochepa zomwe tili nazo."

"Ndi za ndalama zija ndakhala ndikuika m'dengu, zokulunga m'pepala. Malemu bambo a kunyumba ankazisonkhanitsa akugwira ntchito ku banki, ankati ndi siliva weniweni. Imodzi imene inatsala Bridget waigulitsa kwa munthu wina wosunga ndalama zakale, anamupatsa K200,000, ndipo zinazo akuzifunanso zonse." Anayang'ana m'mwamba akuphimba maso ku dzuwa. "Koma muzisamale, bambo. Akuti ikangokalika pang'ono, mtengo umagwa."