Ndodo ya Oom Stoffel

Oom Stoffel, kapena tinene kuti amalume a Stoffel, anaviika ndodo yawo mumphika wa madzi otentha n'kuivuula. Madzi analekeza ndendende pamzere wachisanu wa pandodopo. Malita khumi ndi asanu ndi atatu amenewo, otsukuluzira chimera chonyikidwa kuti shuga yense atsikire mumowa. Madziwa akaperewera, shuga amatsalira m'masese. Akachuluka, mowa umasukuluka.

Ndodoyo anaigoba okha ndi mpeni kalekale, mphika wawo woyamba usanabooke, ndipo ankaikhulupirira kuposa m'busa wa tchalitchi chawo. Pakhoma la garaja panalendewera mamendulo asanu ndi awiri a kalabu ya ofulula mowa ya ku Benoni. Mendulo yachisanu ndi chitatu palibe anaifikapo, ndiye mkuluyu tulo sankagona nayo. Chimera cha ku Jeremani chimene anaitanitsira mpikisano wa chaka chino chinali chokwanira kufulula kamodzi kokha. Akachiphonya, chaka chapita.

Tertius, mnansi wawo amene anayamba kufulula chaka chatha, anasuzumira mumphikamo.

"Oom, bwanji tiyezeko ndi jagi? Madziwa akuoneka ngati achuluka."

"Jagi! Iwe mowa wako uja ngakhale galu wanga anangoununkhiza n'kutembenuka. Khala apo uphunzire."

Anthu a masiku ano! Kuwerenga timabuku tiwiri basi, ayamba kuphunzitsa nsomba kusambira.

Kenaka chitseko cha kukhitchini chinatseguka. Anali Hettie, mkazi wawo, kandowa kake kabuluu kali m'manja. A Stoffel anatsonya. Tsiku lililonse lofulula ndi zomwezi: mayiyu amabwera mwakachetechete, n'kutunga madzi otentha mumphika wawo akuti akatsukire mbale. Umbombo wake! Kuwawidwa mtima ndi magetsi a ketulo, mpaka kumaba madzi oyezedwa kale. Munthu woti sasiyanitsa mowa ndi tiyi, wolawa pang'ono n'kukwinya nkhope ngati wamwa kwinini. Zaka zonsezi ankangomulekerera. Ndipo poti ankapambanabe ngakhale akuberedwa choncho, ankati umenewo ndiwo ukatswiri.

"Lero ayi," anatero, atatchinga mphika ndi mimba. "Lero sindikufuna dzanja la mbuli pamadzi anga. Kawiritse ako."

"Stoffel, kandowa kamodzi kokha."

"Choka! Za mowa ukudziwapo chiyani iwe?"

Hettie anawayang'ana nthawi yaitali. Anaika kandowako pansi pafupi ndi chitseko, n'kubwerera kukhitchini.

Madzi onse anathiridwa pachimera, mpaka dontho lomaliza. Madzi amene anatsika pachimerapo anawawiritsa ola lathunthu, anathira masamba owawitsira, anaziziritsa. Koma pothira m'chigubu chosasitsira, chigubu chinadzaza mpaka m'khosi mumphika mukadali zambiri. A Stoffel anaponyamo kachubu koyezera shuga, kamene kamayandama shuga akakwanira. Kanamira ngati mwala. Analawa: madzi enieni, ongonunkhira chimera patalipatali.

Mtima unawaphulika. Anatembenukira Tertius, nkhope ili psuu.

"Ndiwe! Wathiramo madzi ine ndili kumbali, kuti jagi yako ioneke yanzeru. Njiru idzakupha, mphwanga."

Tertius anali atatola kandowa kaja, akuyang'ana m'kati mwake. Munali mzere wofiira wolembedwa ndi kyutekisi wopaka m'zikhadabo, wobwerezedwabwerezedwa mpaka kukhuthala, pambali pake nambala 4.

Hettie anali ataima pachitseko, akupukuta manja.

"Ndodo yanuyo munagobera mphika wakale uja, wopapatiza," anatero mosakweza mawu. "Uwu ndi wotakata. Ndinakuuzani tsiku lomwe munaugula, munati ndikasamale mapoto anga. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuchotsamo malita anayi, ndipo mamendulo onsewo abwera m'zaka zomwezo. Lero ndiye mwafulula nokha, akatswiri. Imwani."